Gadiyani wa Mtchona wa ku Tsangano

Joni,
Lachiwiri masana

Okondedwa achemwali anga a Janeti,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu, inu, alamu ndi ana onse. Kodi mwendo uja unkatupa nthawi ya maliro unaphwa? Nanga chimanga cha m'munda wa mayi mwatha kukolola? Ine kuno ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira koti ngakhale munthu wokulira ku Ntcheu amachita kubisa makutu. Kalatayi ndapatsira a Sungani, aja amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, ndipo anyamuka mawa. Nkhani ndili nayoyi pa foni ikanatuluka yopindika. Mukundidziwa, pakamwa ndimachedwa koma cholembera chimandimvera.

Chibwerereni ku maliro a mayi ndinali ngati munthu woyenda ali m'tulo. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti inu munawasambitsa, munawamwetsa phala, munagona pansi pa bedi lawo kuchipatala cha pa Boma, pamene ine ndinangofikira kuona bokosi. Simunandinenepo kanthu, ndipo ndikuthokoza. Koma manja angawa ankamva kuti pali ntchito imene sanagwire.

Lero ndikulemba mtima ukudumphadumpha, ndipo ndi koyamba chimwalirireni mayi. Mverani zimene zachitika.

Kutchalitchi kwathu kuno kuli mayi ena a ku Champiti konko, a Thandi, amene amakolopa m'chipatala china chachikulu. Iwo anandiuza kuti muwodi ya amuna mwagona bambo ena achikulire amene anamwino akulephera kumvana nawo. Akuti kale ankayankhula Chizulu ngati eni dziko, koma chidwalireni matenda ofa ziwalo, pakamwa pawo patsala Chichewa chokha. Anawonjezera kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene amabwera kudzawaona.

Musaseke, achemwali. Loweruka lotsatira ndinanyamuka monga timachitira kwathu. Ndinamanga mtolo wa beseni, sopo, zitenje, kapoto, fulasiki ya phala ndi bulangete loti ndikayale pansi pa bedi. Mlonda wa pageti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndikusamuka. Nditamuuza kuti ndabwera kudzakhala gadiyani wa wodwala, anaitana mnzake kuti adzamve nawo. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kuno kulibe zogonera wodwala. Kudyetsa ndi kusambitsa ndi ntchito ya chipatala, abale amangolowa pa nthawi yoonera odwala, ikatha n'kutuluka. Zaka zonsezi sindinadwazikepo munthu kuno, ndiye ndikanadziwa bwanji? Mtolo wanga unatsala pageti, ine n'kulowa ndi fulasiki yokha, mutu uli pansi ndi manyazi.

Ndinawapeza atayang'ana kukhoma. Nditati odi, mwaswera bwanji bambo, anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyamba kugwetsa misozi. Dzina lawo ndi a Julius, kwawo ndi ku Tsangano. Anabwera kuno ali mnyamata kudzalowa m'migodi monga anachitira agogo athu aamuna, kenako anayenda m'mafamu, ndipo kumudzi sanapondekonso. Ndi mtchona weniweni. Nditawafunsa mfunda wawo anati ndi a Ngozo. Ndinawauza kuti mayi athu anali a Nangozo, choncho iwo ndi amalume anga, afune asafune. Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, nati ngati ndi choncho ali ndi ufulu wodandaula kuti phala lachepa mchere.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikupitako nthawi iliyonse imene ndapeza mpata. Ndimawameta ndevu, ndimawadzoza mafuta kumapazi, nthawi zina ndimawawerengera. Iwo amandisimbira za minda ya kachewere ya kwawo, za nkhungu ya m'mawa imene inkabisa ng'ombe za bambo awo, ndiponso mmene ankavinira ngoma mpaka fumbi kukwera. Amati anyamata a masiku ano sangaponde pansi ngati iwo. Ndikawafunsa kuti awaona kuti anyamatawo pamene kumudzi sanafikeko, amangoti zimadziwika.

Kenako kunabwera chiyeso. Abwana anga aakazi, amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba, akusamukira ku Kepi, mzinda wakutali kwambiri ndi Joni, ndi banja lonse. Anandiitana n'kunena kuti akufuna ndipite nawo. Anatchula chipinda changachanga, malipiro okwera, ndiponso mashelefu awo a mabuku amene amadziwa kuti ndimawakonda ngati mwana ndi shuga. Ndi munthu wabwino, ndipo mwayi wotere anzanga kuno amachita kuusalira kudya.

M'nyumba ya abwanawa ndawerengamo mabuku angapo onena kuti munthu azidziwa zinthu zimene amaziika patsogolo m'moyo wake. Ndinkawerenga n'kumagwedeza mutu, ndipo mukanandifunsa ndikanakutchulirani mawu okoma ngati a pa guwa. Koma zanga zenizeni sindinkazidziwa mpaka pamene ndinayenera kutaya chimodzi kuti ndisunge china. Ndinayesa kudziona ndili ku Kepi, m'chipinda chofunda, buku lili m'manja, ndipo mtima unangoti zii. Ndinayesa kuona mpando wa pambali pa bedi la a Julius uli wopanda munthu pa nthawi yoonera odwala, iwo atatembenukiranso kukhoma, ndipo chithunzicho sindinathe kuchiyang'ana. Ndinadziwira pamenepo. Ine sindingapirire kuti munthu avutike yekha ine ndili pafupi, ndipo sindifuna kutulutsa mawu amene sindidzawasunga. A Julius ndinali nditawauza kuti ndizibwera. Zina zonse, ngakhale mabuku, zili pambuyo.

Mungaganize kuti ndinalemedwa nditazindikira zimenezi, koma ayi. Ndinapepukidwa ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni pakhomo. Mawa lake ndinakana za ku Kepi, n'kuwauza abwana za a Julius.

Abwana anadabwa kwambiri. Anafunsa ngati bamboyo ndi bambo anga ondibereka. Ndinayesa kuwafotokozera za mfunda, koma ndinaona kuti ndikungowazunguza mutu. Pomaliza anati sakumvetsa, koma akuona kuti nkhope yanga yabwerera mmene inalili ndisanapite ku maliro. Ndi iwo omwe amene anandilozera ku nyumba ina ya mpingo yosamalira okalamba, kumene amaphunzitsanso anthu ntchitoyi. Ndinapitako dzulo, achemwali, ndipo anditenga! Ndiyamba mwezi wamawa. Ndizigwira m'mawa, masana ndizithamangira kwa a Julius. Adzandiphunzitsa katembenuzidwe ka wodwala kuti asachite zilonda, kamwetsedwe ka munthu wovutika kumeza, zonse zimene inu munaphunzira nokha pa mayi popanda wokuuzani. Pobwerera ndinapezeka ndikuimba nyimbo ya kwaya mu minibasi, mpaka mayi wina anasunthira kutali nane.

Sindikubisirani, zimene ndimatumiza zichepa kwa kanthawi, ndipo chiliza cha mayi mwina chichedwerapo. Ndasamukira m'kachipinda ka a Thandi, kamene mphepo imalowa pansi pa chitseko ngati kwawo, ndipo a Thandi amaliza mkonono woti mlonda sangafunike. Amalume a Edson akamva ndikudziwa adzafunsa kuti malume wachiwiriyu watuluka kuti. Musasenze inu nkhaniyo, ndiwaimbira ndekha. Za chiliza ndaziganizira kwambiri, mwinanso ndi misozi. Koma mayi amene ankasiya khasu m'munda akamva kuti mnansi wadwala sindikhulupirira kuti angandikwiyire.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Adokotala andiuza kuti mtima wa a Julius wafooka, ndipo ngati pali abale oti adziwe, tisazengereze. Iwo ali ndi mlongo wawo, a Eliza, amene anakwatiwa kufupi ndi msika wa Tsangano. Amuna awo anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina. Poyamba a Julius ankakana kuti tiwafunefune, ankati mtchona alibe nkhope yoonetsa kwawo. Koma Lamulungu lapitali anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwino lija n'kunena kuti, "Ngati a Eliza ali moyo, muwauze kuti njira sindinaiiwale. Ndinangochita manyazi kubwera chimanjamanja."

Chonde, achemwali, mwendo ukalola, pitani ku Tsangano tsiku la msika loyamba mukalandira kalatayi. Alamu akuperekezeni. Mukafunse kwa amayi achikulire ogulitsa kachewere za a Eliza Nangozo, amene mlongo wawo Julius anapita ku Joni osabwerako. Amayi a pamsika sasowa munthu. Mukawapeza, muwauze mawu awa monga ndalemberamu, osawonjezera kapena kuchotsa, kenako mundiimbire cha m'ma 3 koloko masana, nthawi imene amatilola kulowa muwodi. Ndikufuna awiriwa amvane mawu.

Mukapeza kuti anamwalira, kapena ali moyo koma sakufuna kumva za mlongo wawo, mundiuze mmene zilili, musandinyengerere. A Julius ndidzawauza zoona nditawagwira dzanja, ndipo mawa lake ndidzabweranso. Koma ndikangoganiza za nkhope yawo akamva a Eliza akuti halo, ndimalephera kukhala pansi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Edson ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa amayi onse a mvano amene anatigwira manja pa maliro. Yamikani ndi Tikondwe muwauze kuti amayi awo aang'ono akufuna kumva za sukulu, osati za mpira wokha. Mukadutsa kumanda, muzuleko udzu m'malo mwanga.

Kuyambira Lolemba ndizikhala pa mpando uja foni ili m'manja.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Malita