Mayi Amene Ntchito Yawo Inali Kufa

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji? Ine kuno ku Doha ndili bwino, kungoti kutentha kwayambanso ndipo makutu atopa ndi zingwe za masiki.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti mukanandifunsa zimenezo poyamba. Mng'ono wanga Chikondi wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi akuoneka kuti watenga chipumi chanu chija, pepani. Mtedza wachita bwino, koma chimanga ayi, feteleza anafika mochedwa. Mbuzi yanu yamakani ija ikuthyolabe mpanda wa a Nambewe, ndipo iwo akuti akuileka chifukwa cha ulemu wanu basi.

Achibale agwirizana kuti chiliza chanu chimangidwe mvula isanagwe, ndipo akufunsa ngati ndibwere. Nkhani imene yandisowetsa mtendere ndi imeneyo. Lamulo lasintha kuno, wantchito tsopano akhoza kutuluka m'dziko osapempha chilolezo kwa bwana. Koma ndi matenda a koronawa, kutuluka n'kosavuta, kubwerera ndiye palibe akulonjeza. Ndikapita, ntchito ikhoza kuthera pomwepo, ndipo inu mukudziwa anthu amene amaidalira.

Koma dikirani ndikuuzeni za mayi amene ndikuwasamalira, chifukwa inu mukanagwa nako kuseka. Ndi mayi Loreta, mzungu wa ku Amereka wokalamba kwambiri, amayi ake a bwana wanga. Tikukhala ku Al Messila, m'nyumba yaikulu ya mpanda. Ndi olongolola kuposa azakhali, ndipo satuluka kuchipinda asanapake milomo. Nthawi imene anatitsekera m'nyumba chifukwa cha korona, bwana anawapezera mafilimu akale, opanda mitundu aja, kuti asiye kutilalatira. Tsiku lina tikuonera ya makauboyi, mtsikana wina anatuluka m'bala akuthamanga, mfuti n'kulira, iye n'kugwa chagada m'fumbi. Mayi Loreta anandigwira mkono n'kunena kuti, "Taona mmene ndagwera. Bondo limenelo mpaka lero limandipweteka."

Amayi, anali iwowo!

Mukukumbukira vidiyo ya amalume pa Mponela, muja munkagulitsa zitumbuwa pakhomo? Munkasuzumira pa katani, munthu akawomberedwa inu n'kugwira pakamwa. "Mwana wa eni ake, wafera chiyani?" Tinkakuuzani kuti ndi sewero chabe, inu osamva. Mutamuonanso m'filimu ina mkazi wina amene munamuona akufa, munati, "Anali mapasa, uyu ndi wotsalayo. Simukuona nkhope yachisoniyo?" Ndimadzifunsa ngati mkazi uja sanali mayi Loreta omwewa. Ndinawafunsa, akuti nawonso sangadziwe, mafilimu awo ambiri sanawaonepo n'komwe.

Ndiye mukundidziwa ine ndi mafunso. Akuti sanakhalepo sitelingi. Ntchito yawo inali kufa msanga kuti sitelingi apeze chifukwa chokwiyira. Mafilimu ake anali otchipa, ojambulidwa mothamanga. M'mawa afa ngati mkazi wa mlimi, masana asintha chipewa n'kukafanso ngati chibwenzi cha mbava m'filimu ya apolisi. Akavalo anali obwereka. Tauni yonse inali makoma akutsogolo okha, kumbuyo mitengo yochirikiza ngati chisakasa. Kunalinso mafilimu oonetsedwa pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, gawo lililonse n'kuthera iwo atamangidwa m'ngolo yothamangira kuphompho, kuti anthu akabwerenso. Ndinafunsa za magazi aja. Akuti chinali chokoleti chamadzi, poti kamera yakale sinkasiyanitsa, koma nyerere zinkadziwa.

Funso limene linandivuta kwambiri linali lakuti, munthu ukafa choncho, umadziwa bwanji nthawi yodzuka? Anati sudzuka wekha, umadikira wamkulu wa filimu akuwe kuti basi. Ndiye tsiku lina anawaiwala. Kamera inatsata akavalo kuseri kwa phiri, anthu onse n'kukadyera komweko, iwo ali gone pamchenga wotentha, atatsinzina, kuopa kuononga ntchito ya eni. Anadzawadzutsa ndi bambo wosamalira akavalo, atabwera kudzatola zishalo.

Iwo ankaseka pofotokoza. Ine ndinalira, Amayi, kulira kwenikweni, mpaka anadabwa. Maliro anu ndinawaonera pafoni, ndege zonse zitaima. Chikondi ananyamula foni m'mwamba, netiweki ikudukaduka, bokosi lanu likuoneka laling'ono ngati la machesi. Chichokereni tsikulo mutu ukudziwa, koma mtima ukukana. Ndimangoona ngati mwagona penapake, mukudikira wina akuwe kuti basi, koma anthu akuiwalani.

Ndinawauza mayi Loreta zonse, za chiliza ndi za mantha anga. Lachisanu ndinakumananso ndi Madalitso, wa amalume uja, amene akulondera ku Al Khulaifat. Iye anati, "Sisi, osapanga ma-decision ndi mtima. Ma-flight atsegula, inde, koma permit yobwerera, wallah, anthu akumadikira mpaka contract ku-expire. Tumizani ya simenti, khalas." Khalas ndiye kuti basi m'Chiarabu cha kuno. Sakunama mwanayo. Bwana nawonso anandiuza mwaulemu kuti malo sangandisungire, chifukwa amayi awo sangakhale opanda munthu.

Amene avutike kwambiri ndi mayi Loreta. Sakonda kusambitsidwa ndi munthu wachilendo, ndipo ndikawayang'ana ndimaona kuti masiku awo si ambiri. Zimenezi zikundipweteka, chifukwa ndawazolowera ndi kulongolola kwawo komwe. Koma dzulo ndikuwapesa anati, "Esinati, ine ndadyera kunamiza anthu pa sikirini. Zoonera pagalasi usamazikhulupirire. Pita ukagwire dothilo ndi manja ako." Kenako anandikalipira kuti ndikuwakoka tsitsi.

Ndiye ndikubwera, Amayi. Ndayamba kale kuphunzitsa mayi wina wa ku Kenya amene alowe m'malo mwanga, kuti adziwe katenthedwe ka madzi osamba ndi mmene timawanyengerera kumwa mankhwala. Ntchito ikatha yatha, ndidzafuna ina. Ndikudziwa kuti ndikadzafika n'kukuitanani, simudzayankha. Ndikufuna kusayankhako ndidzakumve ndi makutu anga, nditakhala pansi pambali panu, kenako ndidzakulireni bwinobwino monga mwana wanu woyamba.

Ndimakukondani kwambiri, ndipo ndikulonjeza kuti ulendo uno palibe wondigwirira foni. Ndidzakhalapo ndekha.

Ine mwana wanu,
Esinati