Pepala la Mbande Zanga

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Mbande za mabulosi zija anameretsa m'mabotolo ku labotale zinali zitayamba kugwira mizu pansi pa pepala lapulasitiki. Alamu athu a Jere anachotsa pepalalo n'kukafunditsa matumba awo a kachewere. Dzuwa linawotcha mbande zonse. Nditawafunsa anati, "Mukulirira udzu?"

Koma madzi opita kudimba kwawo amadutsa m'munda mwanga, ndiye ngalandeyo ndatseka ndi miyala. Kachewere wawo naye alawe dzuwa.

Munditumizire pepala lina, koma jekete munalonjeza a Jere ija musatumize. Mulungu akusungeni. A Jerewo ndithana nawo ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Nachisale