Chimera cha Mowa Wanu Chaphuka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko, ngati munafikako n'komwe? Ndafunsa chonchi chifukwa ndayamba kukayika. Ife kuno ku Halale tilipo. Bambo a Yosefe akuphikabe kwa mzungu yemwe uja, ndipo anthu akwathu amene timapemphera nawo awasankha kukhala mkulu wa mpingo. Mdzukulu wanu Yosefe, amene simunamuone, wamera mano anayi ndipo amaluma ngati kagalu.

Kalata ya kumudzi yafika, yolembedwa ndi aphunzitsi a ku Msakambewa. Mng'ono wanga Nasiwe waona mwana wamkazi. Chimanga chadzaza nkhokwe ziwiri, ngakhale anyani a m'phiri anadyako mbali ya kumtunda. Mbuzi yanu yamawanga ija inapita ndi fisi. Nyumba yanu anaigwetsa monga mwa mwambo, pamalopo pamera maungu. Kumapeto kwa kalatayo atsibweni akufunsa za mowa wanu wa bona, wogoneka mzimu wanu. Chaka chachiwiri chikutha usanafululidwe, chifukwa akuti munaneneratu kuti wofulula ndi ine.

Sananame. Tsiku limene tinkanyamuka munandimangira mawere m'kansalu, n'kunena kuti, "Tamanda, dzanja lako ndi langa. Ndikadzagona mowa wanga udzafulule iwe, enawa amangophika phala." Ine ndinaseka. Ndinati ndinabatizidwa, dzina langa ndi Esitere, ndipo ku mpingo mowa ndi mlandu. Inu munangoti, "Dzinalo azikakuitanira kutchalitchi komweko."

Munkakonda kunena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ife dziweli talizungulira ndithu. Lamulungu masana tikatuluka m'tchalitchi timayenda kuona dziko la eni. Tinakwerapo kaphiri ka pakati pa tauni, koti ku Ntchisi akanakatcha chulu, n'kuona sitima ikufuka utsi ngati munda wotentha. Bambo a Yosefe amafotokoza chilichonse ngati anabadwira kuno, pomwe tinasocherapo kawiri iwo ali patsogolo.

Koma ulendo umene ndikufuna kukuuzani ndi wina. Mzungu atapita ku Bulawayo tinapeza tsiku lathunthu. Mayi wina wa Chishona wochapa zovala pakhomo pomwepa, amake Chipo, anatiitanira kumudzi kwawo. Tinanyamuka m'mamawa, panjira ngolo ya ng'ombe inatithandizako. Dziko lake ndi la miyala ikuluikulu yosanjikizana, yoti munthu umadutsa pansi pake ukufulumira. Anatilandira bwino. Nsima yawo ndi ya mawere, yakuda, ndiwo zotendera monga kwathu, ndiponso mphalabungu zonenepa ngati chala chachikulu. Apongozi anu, bambo a Yosefe, anapempherera chakudyacho nthawi yaitali, mwina poganiza kuti mphalabunguzo zithawa.

Titadya m'pamene ndinazindikira kuti pamudzipo pali mwambo. Mitsuko ya mowa inatuluka. Bambo a Yosefe anakana mwaulemu n'kukakhala patsinde pa mtengo. Ine ndinali ndi azimayi kuseri kwa nyumba, chikho chinazungulira mpaka chinafika m'manja mwanga. Ndinati ndingonyowetsa milomo kuti ndisanyoze eni mudzi. Amayi, unali mowa wanu. Kuwawasa komweko, kafungo ka utsi komweko, ngakhale masese otsalira palilime. Ndinatembenuka kuti ndione ngati mwakhala kumbuyo kwanga.

Kenaka anthu onse anapita kumanda a bambo ake a amake Chipo, amene anamwalira chaka chatha. Anathira mowa pamtumbira, namuitana dzina, n'kubwerera kumudzi akuimba ngati akuperekeza mlendo wolemekezeka. Amake Chipo anandifotokozera, mawu pang'ono manja pang'ono, kuti mowawo usanafululidwe womwalirayo amakhala kuthengo. Kumene akupita sanafike, pakhomo sangalowe. Ine ndinangoti inde.

Kuyambira tsiku limenelo ndimakuonani. Si kumaloto ayi, ndi masana dzuwa lili paliwombo. Ndikamayanika zovala mumakhala mutaima kunja kwa mpanda, pafupi ndi mtengo wa mabulosi, mutavala nsalu yabiriwita ija. Simukalipa. Mumangodikira monga munkachitira pakhomo pa eni, kuti wina ayambe wanena kuti lowani. Ndinayesa kudziuza kuti ndi dzuwa landilowa m'mutu. Nanga Yosefe amasekera yani, atatambasulira manja kumpandako? Ndimachita mantha, Amayi, koma manyazi ndiwo aposa.

Mawere anu sindinataye. Ndinawafesa kuseri kwa khitchini ya mzungu, ndinkati ndi a nkhuku. Chaka chino ndakolola lichero lodzaza. Sabata yatha ndinawaviika, n'kuwafunditsa chiguduli monga munandiphunzitsira, ndipo aphuka bwino, oyera mbee. Dzana ndinayanika chimeracho kuseri, ndili ndi chikhulupiriro kuti bambo a Yosefe ali otanganidwa ndi mapoto. Ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza ataima pomwepo. Chimera amachidziwa, amayi awonso ankafulula. Ndinatula ndowa n'kudikira mawu.

Anaingitsa nkhuku zimene zinayamba kujompha, ananyamula licherolo n'kuliika padenga pamene pali dzuwa, n'kubwerera kuntchito. Pakudya anangonena kuti anthu akwathu a ku Kasakula akunyamuka kupita kumudzi mwezi ukaoneka, kudzera ku Tete, ndipo pagululo pali azimayi awiri.

Tonse tikudziwa chimene chidzatsatire. Mbiri idzafika kumishoni moto usanazime pansi pa mtsuko. Adzandidula ku Mgonero, ndipo mwina apongozi anu ukulu wa mpingo udzawathera pomwepo. Zikundiwawa, chifukwa Mulungu wanga sindinamusiye, ndipo nyimbo zake ndidzaimba ndikufulula. Koma walira mvula walira matope, munkatero inu. Sindingathe kumadya mphalabungu za eni mayi wanga ali chiimire padzuwa.

Chimodzi chokha chimandizunguza. Inu amene munkaopa kuwoloka Lingadzi madzi ali m'mawondo, Zambezi munawoloka bwanji nokha kudzandifuna kuno? Musayambenso ulendo nokha. Dikirani mwezi uoneke. Yosefe adzakhala kumsana, chimera pamutu, dzanja limodzi lidzakhala lanu. Tikafika ndidzafulula ndekha, ndipo chikho choyamba ndidzathira pamene pamera maungu paja, n'kukuuzani kuti lowani.

Ine mwana wanu wokukondani,
Tamanda