Mawu Amene Ndinakwirira ndi Penti

Lolemba, 9 Juni

M'nyumba muli ine ndi mkamwini. Nkhani ndi ya chithunzi cha malemu mkazi wanga. Mdzukulu wathu akwatiwa Loweruka, ndipo ndinamulonjeza kuti chithunzi cha agogo ake, chachikulu, chidzakhala patebulo la kutsogolo. Zithunzi zonse zili pa intaneti, mmene mwini wake anazisungira. Zaka zitatu kompyuta yakhala ikunditsegulira yokha, osafunsa kanthu. Lero yafunsa mawu achinsinsi. Sindiwadziwa. Sindinawadziwepo.

Mkamwini akuti pulogalamu yotsegulira intaneti inadzisintha yokha kukhala yatsopano, n'kuiwala zimene inasunga. Ndamufunsa kuti anaituma ndani.

Lachiwiri, 10 Juni

Mkamwini wafufuza m'mawa wonse. Pamene pankakhala mndandanda wa mawu osungidwa, palibe ngakhale limodzi. Wapempha a intanetiwo kuti atipatse mawu atsopano. Akutumiza ku nambala ya foni ya malemu, imene inatsekedwa kalekale.

Ndayesa dzina langa. Yakana. Tsiku la ukwati wathu. Yakana. Iye akuti, "Bambo, mukaphonyanso kawiri atitsekera kunja." Ndachotsapo manja.

Mwana wanga, mayi wa mkwatibwi, asamve. Katundu amene wasenza sabata ino wamukwanira.

Lachitatu, 11 Juni

Kwafika mlamu, mng'ono wa malemu, kudzathandiza za ukwati. Mkamwini pakamwa sipatseka. Wamuuza asanatule n'chikwama chomwe. Mlamu waseka mpaka kugwira mpando. Akuti mkulu wake sankakhulupirira pepala, poti limasowa. Zofunika ankalemba ndi pensulo pakhoma, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Khoma limenelo ndinalipaka penti mwezi watha, pokonzekera alendo. Kawiri. Zolembazo ndinaziona. Ndinayesa ndi miyeso ya makatani.

Zaka makumi anayi pa ntchito yopaka penti, sindinasiyepo khoma likuonetsa zapansi. Sindinadye.

Lachinayi, 12 Juni

Mkamwini amafuna kupala ndi sandipepala. Ndamuthamangitsa. Pensulo ikanapita pamodzi ndi penti. Pentiyo ndi wamadzi, ndipo sanakhwimitse. Madzi ofunda, nsalu yofewa, lezala latsopano. Kunyowetsa, kudikira, kusenda pang'ono ngati khungu la dzira. Makatani otseka, tochi younikira cham'mbali.

Pofika masana, zilembo zinayi. Madzulo, mzere umodzi wathunthu: miyeso ya makatani ndithu. Pansi pake pali mzere wina.

Mlamu pobweretsa tiyi akuti, "Alamu, mukanakhala mmisiri waulesi bwenzi titamaliza dzulo." Ndapitiriza kusenda. Maondo akupweteka. Pakhomapo dzanja la malemu lolemba silinasinthe, lopendekera kumanzere ngati likuthawa mphepo. Ndinaima kaye.

Mawa ndiyamba kukangocha. Wosindikiza zithunzi amatseka 4 koloko.

Lachisanu, 13 Juni

Mzere wachiwiri watuluka 11 koloko. Chilembo chimodzi lezala linadya, koma sindinavutike kuchidziwa. Ndi dzina limene ankandiitana tikakhala awiri. Ndinamuletsa kangapo kuti si dzina loitanira munthu wamkulu. Kumapeto kwake anaikako chaka chimene ndinabadwa. Muno sindililemba.

Ndatulutsa mkamwini pakhonde. Ndalemba ndekha, ndi chala chimodzi. Yatsegula.

Zithunzi mazana awiri ndi zina. Ndasankha chimene wavala duku lobiriwira, akundiyang'ana ngati ndalakwa. Mlamu akuti n'chokwiya. Ine ndati ndi mmene analili. Mkamwini wathamanga nacho, wapeza asanatseke.

Pobwera watulutsa chitini cha penti wotsala ndi bulashi, ati akonze posendekapo alendo asanaone. Chitinicho chibwerere kumene wachitenga. Alendo agone pabalaza. Khomalo asalikhudze munthu.