Zikomo wa pa Bwalo

Lolemba, 7 Okutobala

Dzulo tagonjanso, 2-0. Zigoli zonse zadutsira mbali ya alamu a Abrahamu. Chachiwiricho mnyamata wawadutsa, wagoletsa, wavina, alamu akadali kutembenuka. Amatembenuka ngati thirakitala yawo ija ikakoka ngolo.

Lero m'mawa a manijala andiitanitsa ku ofesi. Akuti timu yathu ya Masamba Awiri ikatsika ligi, bwalo alima adzalepo makadamiya. Sanaseke. Gemu yatsala imodzi, Sande, ndi anyamata a ku Chimaliro. Tikafanana mphamvu tapulumuka. Tikagonja, mitengo.

Ine kochi. Alamuwo kaputeni, nambala faifi, zaka fote wanu, maondo olira. Komanso achimwene ake a Miriam, mkazi wanga. Komanso nkhoswe ya ukwati wathu. Komanso ndiwo amayendetsa thirakitala yotinyamula popita ku magemu. Ndiwaike pa benchi? Ine amene ndinamanga nyumba pamalo a kwawo? Mkamwini asamakule mwendo, inde. Koma mwendo wa difenda usamachepenso chonchi, abale.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndinapita kukawauza. Ndinawapeza ku garaja, manja ali ndi girisi. Tinapatsana moni, wa ana, wa maondo, wa mvula yomwe sikubwera. Nditatsegula pakamwa kuti ndiyambe, anandigwira paphewa: "Alamu, chaka chino ndikumva m'thupi ngati wa twente faifi." Ndinayankha kuti zikuoneka. Zikuoneka! Ine Douglas, ndine munthu wanji?

Madzulo ndachita chinyengo. Ndawatuma kukatenga madzi pa thirakitala kuti ndiyese Hopeson ndi Philip kumbuyo. Ana awa liwiro ndiye alinalo. Vuto lake onse amathamangira malo amodzi. Mpira wam'mwamba unabwera, palibe ananena kuti wanga, anagundana mitu, mpira n'kulowa wokha. Goloboyi wathu Ronnie anali akumanga nsapato.

Alamu atabwera ndi madzi anayamba kukuwa asanatsike n'komwe. Hopeson uko, Philip bwerera, Ronnie tsegula maso. Zigoli zinasiya kulowa. Pakamwa pawo ndikupafuna. Miyendo ndiyo sindikudziwa poyiika.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndalakwitsa, ndafunsa nzeru kwa Miriam. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Achimwene anga anayamba kuvala jezi imeneyo inu mukusewera mpira wa mapulasitiki ku Kapichi." Kuyambira pamenepo akunditchula kuti a kochi. A kochi madzi ali kubafa. Ozizira. A kochi tiyi uyo. Wopanda shuga.

Tsiku lonse ndinali m'munda kuyang'anira othyola tiyi, ndipo aliyense ndi kochi. A Margret, dengu lili kumsana, akuti galu wamkota sakandira pachabe. Ena akuti galu ameneyu akamakanda, mbewa yafika kale ku Luchenza. Ndaseka nawo, kenako ndachita manyazi. Munthu ameneyu ndi amene anakandilankhulira kwa apongozi ndilibe ngakhale jekete.

Lachisanu, 11 Okutobala

Shuga wabwerera m'tiyi, chifukwa Miriam anali ndi nkhani yomwe imamuyabwa pakamwa. Sitiraika wa ku Chimaliro uja, Reinford, amene wagoletsa matimu onse mu ligi muno, akumaperekeza Faith kuchokera kumsika. Faith mwana woyamba wa alamu! Akuti amalume ake a mnyamatayo akubwera kumapeto a mwezi kudzafunsira. Akuti Reinford akakumana ndi alamu panjira amatsika njinga, chipewa m'manja, n'kupatukira m'tiyi mpaka adutse.

Ndinaika kapu pansi. Ndinafunsa kawiri ngati amapatukiradi.

Sabata, 12 Okutobala

Ulaliki sindinaumve. Ambuye andikhululukire, ndimakonza timu m'mutu. Alamu ankayendetsa mbale ya chopereka, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, ine n'kumawayeza masitepe.

Ndaganiza. Asewera, ndipo agwira Reinford yekha basi. Ndikufuna kunena kuti ndi nzeru za ukochi. Koma mwina ndi mantha chabe atavala suti.

Sande, 13 Okutobala

Tapulumuka! 0-0! Mawu andithera.

Bwalo linadzaza mpaka ana anakwera m'mitengo ya bulugama. Reinford liwiro lake n'loopsa, si nthano. Anadyetsa Hopeson njomba mpaka kumukhazika pansi. Anadutsa Philip ngati chulu. Koma akangoona nambala faifi kutsogolo, mpira ankaubwezera kumbuyo, maso pansi. Kochi wawo anaponya kapusi m'fumbi katatu.

Kutatsala pang'ono kuti gemu ithe, zinachitika. Mpira wautali, Ronnie watuluka mopusa monga mwa chizolowezi chake, golo ili pululu. Pakati pa Reinford ndi golo panali alamu okha, akupuma ngati akwera phiri. Ine ndinaona makadamiya atamera kale. Mnyamata anafika, n'kuchepetsa liwiro, n'kuwerama pang'ono, dzanja lamanzere litagwira chigongono, monga munthu wodutsa pamene pakhala akuluakulu. Tonse a pa layini tinamva: "Zikomo, bambo."

Alamu anayankha kuti "Ayi," n'kuumenyera mpira m'munda wa tiyi.

Refa anaseka mpaka wezulo inagwa. Mpira unasowa m'tiyimo, poti aupeze nthawi inali itapita. Anthu anawanyamula alamu m'mwamba, amuna anayi, akudandaula kulemera. A manijala andigwira chanza, akuti bwalo likhale. Miriam wapha tambala, ndipo wanditchulanso dzina langa.

Pobwerera alamu sanaimbe nawo. Ndinaganiza kuti ndi kutopa.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Alamu abwera masana, ndisanavule n'komwe magambutsi. Pepala la pulasitiki m'khwapa. Anakana mpando, anakhala pakhonde pansi, miyendo atatambalitsa. M'pepalamo jezi, yochapa, yosita.

Anati pa zaka zonsezi anyamata awathyolapo mano, awatukwanapo amayi awo, wina anawaluma khutu ku Thekerani, ndipo zonsezo zinali ulemu. "Koma mwana akayamba kukupempha njira pa bwalo, alamu, ndiye kuti watha. Akanangondidutsa, ndikanagona tulo."

Anati ankadziwanso chifukwa chomwe ndinawatumira madzi Lachitatu, poti mgolo unali wodzaza kale. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Ine ndinanena chopusa. Ndinati alamu, ana aakazi muli nawo atatu, ndipo Alesi akumaliza fomu folo, masitiraika mu ligi muno ngambiri. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka misozi. Kuseka kunatha, misozi sinathe msanga. Ndinayang'ana nkhuku.

Jezi aisiya. Chaka chonse ndakhala ndikupempherera tsiku limeneli, lero lafika ndipo chakudya ndachisiya m'mbale. Miriam sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndikulemba nditakhala pa benchi, anyamata akusewera. Tili ndi gemu ya chikho mwezi wamawa. Nambala faifi ndapatsa Hopeson, yamufika m'maondo.

Kumbuyo kuli zii ngati kumanda. Agundana kale mitu kamodzi. Ndayesa kukuwa ine, mawu anga sakuwamva, akuti akumveka ngati a kapitawo. Ronnie akumanganso nsapato.

Faith anadutsa pano akuchokera kuchigayo. Akuti bambo ake avomera kuti alendo a ku Chimaliro abwere, koma mnyamatayo auzidwe kuti zikomo ndi wa pakhomo, pa bwalo asadzayerekezenso.

Philip watayanso munthu wake. Chigoli chachitatu. Ndikuganiza zopita ku garaja mawa, ndikagwade ngati n'kofunika, ndiwauze kuti timu ilibe wachiwiri kwa kochi, ndipo ntchito imeneyo siifuna miyendo. Koma ndikayamba bwanji, munthu wake ndi uja salola kumveredwa chisoni.

Dikirani. Thirakitala ikutsika njira ya ku fakitale. Lero sindinatume madzi. Yaima kuseri kwa golo, injini sanazimitse, ndipo mawu a alamu akuposa injiniyo: Hopeson, kumbuyo kwako, wagona kodi, jezi imeneyo si bulangete, Philip bwe