Dzina la a Shehe

Lachinayi, Okutobala, kuno ku Lisasadzi. Kwatentha, koma tsiku layenda bwino.

Ndamaliza buku lija la Msilamu amene anasamukira ku Ulaya. Chandikhudza n'chakuti azungu anamupatsa dzina lawolawo, iye n'kumangovomera. Ndinawaseka azunguwo mumtima.

Masana komiti ya m'mudzi muno inandipatsa cholembera kuti ndilembe mayina a olandira makuponi a fetereza, poti ndine mphunzitsi. Pamzere panafika a Shehe, amene anabwera kuchokera ku Machinga kudzagwira utenanti wa fodya mwana wanga woyamba asanabadwe. Pamaliro ndi paukwati ndiwo amatizingira mbuzi kuti aliyense adye. Ya pachinkhoswe changa anazinganso ndi iwo.

Cholembera chinaima. Dzina lawo sindinalidziwe. Ndinayang'ana anzanga a komiti, onse maso pansi. Wina ananong'ona kuti, “Obwera awa, alumpheni.”

Ndinachita manyazi, komabe ndinafunsa. “Pepani bambo, dzina lanu lenileni ndani?”

Anavula kachipewa kawo koyera, n'kupukuta thukuta, n'kukavalanso. “Ndine Jafali. Ushehe munandipatsa ndinu, ine ngakhale Chiarabu chimandivuta. Mwachedwa kufunsa, aphunzitsi, koma lembani.”

Ndinalemba. Kaya komiti ilisiya dzinalo pamndandanda, kaya ilifufuta, sindikudziwa, ndipo munda wa bambowa ndi mchenga wokhawokha.

Buku lija ndalibweza pashelefu. Azungu aja sindikuwasekanso. Zaka zonsezi mpeni wa a Shehe timaudziwa, koma dzina ayi. Ndililembenso pano: Jafali.