Tanyamula Bwana, Takoka Galimoto

Lachinayi, mvula ya Januwale. Tsiku lonyansa.

Mwezi watha Bwana wa esiteti atagula galimoto anatichotsa pa ntchito yowanyamula pa machila n'kutitumiza kothyola tiyi. Amvekere, "Galimoto sitopa, sidwala, sifuna phoso."

Lero galimotoyo yatitimira m'matope pa njira ya ku Khonjeni. Kapitawo anandipeza m'munda ali wefuwefu: "A Namakhwa, itanani anzanu, mukatenge machila aja!" Tinawanyamula Bwana mpaka kunyumba kwawo, kenaka tinabwerera kukakoka chitsulocho ndi zingwe, dalaivala ali m'katimo. Chitadzuka chinandilavulira matope m'kamwa n'kutisiya pomwepo. Palibe amene anayimba nyimbo ya machila, ngakhale a Mulima amene ankatiyambitsira.

Ati chaka chamawa kubwera malole. Phewa langa latupa ndi kagalimoto kamodzi. Nanga lole idzafuna mapewa angati, kaya...